Zowonjezera pa funso la kukapuma kwa makolo ku Dedza

Achemwali amene anafunsa mmene angapumulire kwa makolo ku Dedza n'kupezako nzeru zolembera ndakatulo abweranso ndi dandaulo: masiku atatu athera kulonjerana ndi alendo ndi ntchito zapakhomo, sanalembe kanthu. Zimatero ngati simunafotokoze cholinga chanu pofika. Khalani pansi ndi amayi ndi abambo, muwauze mwaulemu kuti m'mawa uliwonse kuyambira 5 koloko mpaka 8 muzikayenda nokha, ndipo masana muzithandiza ntchito. Akamvetsa, iwo omwe ndi amene aziuza alendo kuti abwere madzulo.

Poyenda tengani kope ndi pensulo, chifukwa foni imatha moto ndipo kukatchajitsa kumsika kumadya tsiku. Mu June ndi July kumazizira zedi, valani juzi ndi nsapato zotseka poopa minga. Chimene mwaona chilembeni pomwepo, mukafika kunyumba chathawa m'mutu.

Patulani tsiku limodzi mupite ku Chongoni, komwe kuli malo 127 a zojambula zamakedzana pamiyala, omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, linawazindikira mu 2006. Pitani ndi wodziwa njira. Chonde musakhudze zojambulazo kapena kuzithira madzi kuti zioneke bwino, zimafufutika.