Phokoso la ndege ku Hatfield: tikadandaule kuti?

Moni abale nonse a m'gulu lino. Ndimachita lendi ku Hatfield mumzinda wa Harare, kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo phokoso la ndege za usiku latisowetsa mtendere. Mawindo amanjenjemera, mwana wanga wakhanda amadzidzimuka n'kulira mpaka mbandakucha. Mayi anga odwala BP nawonso sakuona tulo, ndipo zimenezi ndi zimene zikundipweteka mtima kwambiri.

Ndinapita kwa khansala, anati nkhaniyi si ya khonsolo. Ndinalemba kalata kwa oyang'anira bwalolo, mpaka lero kuli zii. Eni nyumba akuti ndingozolowera.

Kodi kuno ku Harare kuli komiti imene anthu oyandikana ndi bwalo amakhala pansi ndi akuluakulu ake? Nanga wa lendi ngati ine angaloledwe, kapena ndi ya eni nyumba okha? Chonde ndiuzeni poyambira.