DPPH ikunena china, FRAP china: nditsatire iti?

Nachisale:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndi njira ziwiri za mu labu, DPPH ndi FRAP, ndikuyeza mphamvu ya ma antioxidant (zinthu zozimitsa ma free radical, tinthu toononga maselo a thupi) m'masamba a chammwamba ndi mu ufa wa malambe. Masamba ndinathyola kwathu ku Salima, ndinayanika pamthunzi n'kusinja, malambe ndinagula pamsika. Zonse ndinaviika mu methanol. Pa DPPH chammwamba ndiye chikutsogola: mtundu wa pepo uja ukuzilala msanga n'kusanduka wachikasu, ndipo IC50 yake (mlingo wofunika kuti theka la DPPH lizime) ndi yochepa, kusonyeza mphamvu zambiri. Koma pa FRAP malambe ndi amene ali pamwamba. Ndilembe kuti champhamvu ndi chiti? Chikundidetsanso nkhawa n'chakuti madzi a chammwamba ndi obiriwira kwambiri. Kodi kubiriwirako sikukusokoneza makina owerenga mtundu? Amayi anga amathira ufa wa masambawa m'phala la ana, ndiye ndikufuna yankho loona.

Wa ku Labu:
Achemwali, musade nkhawa, njira ziwirizi sizifunsa funso limodzi. DPPH imaona ngati zimene mwatcheza m'chomeracho zingathe kuzimitsa free radical, ndipo mumawerenga mtundu pa kuwala kwa 517 nm. FRAP imaona ngati zingasinthe ayironi kuchoka pa Fe3+ kupita pa Fe2+, m'madzi a asidi a pH 3.6, n'kuwerenga pa 593 nm. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, amene amasintha ayironi mosavuta, pomwe chammwamba chadzaza ndi ma flavonoid, gulu la ma antioxidant a m'zomera, monga quercetin ndi kaempferol. Lembani zotsatira zonse ziwiri, n'kufotokoza chimene zasiyanira.

Za kubiriwirazo mwaganiza bwino. Pa mlingo uliwonse konzani chubu china cha madzi a masamba ndi methanol yekha, chopanda DPPH. Chimene makina awerenge pamenepo muzichichotsera. DPPH muzisungunula tsiku lomwelo, botolo mulikute ndi foyilo, machubu akhale mumdima mphindi 30. Ndipo pambali pakhale vitamini C kapena Trolox (mankhwala ofanana ndi vitamini E) woyerekezera, apo ayi IC50 yanuyo palibe amene angaiyerekeze ndi ya wina.

Nachisale:
Zikomo kwambiri achimwene, chubu chopanda DPPH ndikonza mawa lomwe. Nanga ndiwonjezere Folin-Ciocalteu, njira yoyezera kuchuluka kwa ma phenol (gulu limene ma flavonoid ali m'kati mwake)?

Wa ku Labu:
Wonjezerani, pa 765 nm, ndi gallic acid woyerekezera. Koma dziwani kuti vitamini C nayenso amasintha mtundu pa njira imeneyi, choncho malambe angaoneke ngati ali ndi ma phenol ambiri kuposa mmene alili.

Nangozo:
Ine ndimagwira ntchito ya kadyedwe, ndiye mawu anga ali pa phala la anawo. Mwanawe, kumudzi palibe amene amaviika masamba mu methanol. Yezaninso ndi madzi otentha, monga mmene amayi anu amachitira, chifukwa zimene zimasungunuka m'madzi si zomwezo. Kachiwiri, zochitika m'chubu si zochitika m'thupi. Zambiri mwa zinthuzi matumbo satenga zonse, zina chiwindi chimazisintha. N'chifukwa chake mu 2012 unduna wa zaulimi ku America unachotsa pa intaneti mndandanda wake wa ORAC, wosonyeza mphamvu ya ma antioxidant m'zakudya poyeza m'chubu, pakuti ogulitsa ankaugwiritsa ntchito kunyengerera anthu. Zimandiwawa ndikaona odwala shuga akusiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mapaketi olembedwa kuti antioxidant. Mukamalemba, nenani kuti munayeza m'chubu basi. Amayi apitirize kuthira, masambawo ali ndi mapuloteni, ayironi ndi zomanga vitamini A.

Nachisale:
Ndamva, amayi. Ndiyeza ndi madzi owira komanso ofunda, ndione ngati vitamini C wa m'malambe akuonongeka ndi moto. Zikatuluka ndidzakuuzani.