Desert rose wanga uja wayambanso kuphuka

Ndabweranso ndi nkhani ya duwa langa lija la desert rose, lomwe dzina lake la sayansi ndi Adenium obesum. Ndinafunsa chifukwa chimene masamba ankachitira chikasu n'kuyoyoka, tsinde lonenepa la m'munsi lija likufewa. Inu amene munati ndilizule ndione mizu, munalondola. Dothi lomwe linabwera nalo linali lamakande, losunga madzi, ndipo mizu ina inali itada n'kuwola.

Ndinadula zowola zonse ndi mpeni wotsuka bwino mpaka nditafika pamnofu woyera, wolimba. Apa chonde valani magolovesi, utomoni wake ndi poizoni, ndipo ana ndi ziweto asayandikire zidutswazo. Kenako ndinalisiya pamthunzi popita mphepo kuti mabala aume ndisanalibzalenso. Kudikira kumeneku kumawawa mtima chifukwa duwalo limaoneka ngati latha, koma tsinde lija limakhala litasunga madzi olikwanira.

Pano lili mumphika woboola pansi, m'dothi losakaniza ndi mchenga wokhakhala ndi timiyala. Ndimathirira pokhapokha dothi likauma mpaka pansi, ndimayesa pozika kamtengo. Limawombedwa ndi dzuwa maola osachepera 6 patsiku. Tsinde lalimbanso, ndipo kunsonga kwatuluka timasamba tonyezimira.

Wina anati kuyoyoka kwa masamba n'kwachibadwa nyengo yozizira. N'zoona, duwali limapuma nthawi imeneyo ndipo silipirira kuzizira kukatsika pansi pa 10°C, koma likamapuma tsinde silifewa. Feteleza ndidikira kaye mizu igwire. Nanga nthambi zatalikazi, ndizidulire chaka chino kapena ndilisiye lipeze mphamvu kaye?