Amayi anzanga akuntchito akuyenda ndi mfuti: kodi nanenso ndigule?

Nachisale, Indiana

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndakhala ku Indiana, kuno ku America, zaka 6, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba usiku, moti ndimaweruka mbandakucha kukadali mdima. Sabata yatha mnzanga wina, mayi wakuda wobadwira konkuno amene ndimapemphera naye, ananditenga pa galimoto yake, ndipo pamene ankafuna tishu m'kabokosi ka kutsogolo ndinaona mfuti yaing'ono ili pambali pa Baibulo ndi botolo la mafuta odzola. Ataona kuti ndachita kakasi anangoseka, nkundiuza kuti amayi ena atatu a shifiti yathu alinso nazo, ndipo wandiitana kuti Loweruka ndikaphunzire kuwombera. Kwathu mfuti ndinkaiona kwa apolisi, asilikali ndi mbava basi. Kodi zimenezi zinayamba liti, ndipo mlendo ngati ine ndingachite bwino kugula yanga?

Bambo a Tadala, Atlanta

Mayi Nachisale, zimene mwaonazo zafala dziko lonse lino, ndipo zinakula kwambiri m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka anthu m'nyumba, kenako munthu wakuda, George Floyd, anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 May ndipo mizinda yambiri inadzaza zionetsero. Kafukufuku wina amene anachitika mu 2021 anapeza kuti anthu pafupifupi 7.5 miliyoni anakhala ndi mfuti koyamba pakati pa January 2019 ndi April 2021, ndipo pafupifupi theka la iwo anali amayi, pamene mmodzi mwa asanu aliwonse anali wakuda ndipo mmodzinso mwa asanu anali wa mtundu wa Hispanic (anthu ochokera m'maiko olankhula Chisipanishi ndi zidzukulu zawo). Kuno ku Atlanta kuli bungwe la anthu akuda okhala ndi mfuti lotchedwa National African American Gun Association, limene Philip Smith analiyambitsa mu 2015, ndipo m'makalasi ophunzitsa kuwombera amene ndinafikako amayi ndiwo anali ochuluka. Anzathu ochokera ku Asia nawonso mantha anawagwira pamene munthu wina anapha anthu 8 m'malo otikitira minofu mumzinda uno ndi m'dera loyandikana nawo mu March 2021, ndipo 6 mwa ophedwawo anali amayi a ku Asia.

Komabe kwa anthu akuda nkhaniyi ili ndi mizu yakale. Martin Luther King anapempha chilolezo choyenda ndi mfuti mu 1956, nyumba yake itaphulitsidwa ndi bomba ku Montgomery, koma anamukaniza. Mu 1964 amuna akuda a ku Jonesboro, Louisiana, anapanga gulu la Deacons for Defense and Justice kuti azilondera omenyera ufulu usiku, chifukwa apolisi a kumeneko sankawateteza kwa a Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda. Mnzanuyo akamaika mfuti pafupi ndi Baibulo, mwina akuchita zimene agogo ake ankachita.

Mkulu wa pa Mangochi, Chicago

Ine ndiyankhe funso lanu lachiwiri, chifukwa apa ndi pamene alendo ambiri amapunthwa. Musanalowe m'sitolo iliyonse ya mfuti, yambani mwayang'ana mapepala anu. Malamulo a dziko lonse amalola munthu wa green card (chilolezo chokhazikika m'dziko muno) kugula mfuti, koma amene anabwera ndi viza ya sukulu, ya ntchito kapena yodzacheza saloledwa, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosaka nyama. Wogula amalemba fomu ya boma yotchedwa 4473 ndipo dzina lake limafufuzidwa, tsono kunama pa fomuyo ndi mlandu waukulu umene ungakutayitseni mapepala onse amene munawavutikira. Kaonaneni ndi loya wa za olowa m'dziko, musadalire mawu a wogulitsa.

Ku Indiana kuyambira pa 1 July 2022 munthu woyenera amayenda ndi mfuti yobisa popanda chilolezo, monga zililinso m'zigawo zoposa theka za dziko lino, koma mukangodumpha malire kubwera kuno ku Illinois malamulo ndi ena, ndipo chimene chinali chololedwa m'mawa chingakugonetseni m'chitokosi madzulo.

Chinanso chimene chimandisowetsa mtendere ndi imfa ya Philando Castile, bambo wakuda. Iye anali ndi chilolezo choyenda ndi mfuti, ankagwira ntchito m'khitchini ya sukulu, ndipo wapolisi atamuimitsa pa msewu ku Falcon Heights, Minnesota, mu July 2016, anaulula yekha mwaulemu kuti ali ndi mfuti. Anawomberedwa pomwepo m'galimoto, bwenzi lake ndi kamwana ka zaka 4 akuona, ndipo khothi linapeza wapolisiyo wosalakwa chaka chotsatira. Inu mumayendetsa galimoto usiku, khungu lanu ndi lakuda, ndipo Chingerezi chanu chimamveka chachilendo. Zimenezi muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa mfutiyo.

Anaphiri, Maryland

Achemwali, ine ndine namwino ndipo sindikutsutsa amayi amene asankha kudziteteza, koma ndikupempheni kuti muganize za m'nyumba mwanu musanaganize za pamsewu. Mfuti mumaigula chifukwa cha mbava yosadziwika ya pamalo oimika galimoto, koma maola ambiri imakhala m'nyumba momwe muli amuna anu, ana anu ndi alendo. Mwa anthu oposa 48,000 amene anafa ndi mfuti m'dziko lino mu 2021, oposa theka anadzipha okha. Kafukufuku amene Jacquelyn Campbell wa ku yunivesite ya Johns Hopkins anatsogolera mu 2003 anasonyeza kuti mkazi amene ali m'banja la nkhanza amakhala pa chiopsezo chophedwa kasanu kuposa anzake ngati mwamunayo angathe kupeza mfuti. Nchifukwa chake ngakhale khothi lalikulu m'dziko lonse la Supreme, limene mu 2022 linakulitsa ufulu woyenda ndi mfuti pa mlandu wa Bruen, mu 2024 linavomereza lamulo loletsa mfuti kwa munthu amene khothi lamuletsa kuyandikira mkazi wake chifukwa cha nkhanza.

Sindikunena kuti m'banja mwanu muli zotere. Koma ife tomwe timadziwa mmene moyo wa kuno umapanikizira mabanja: mashifiti awiri, ngongole, achibale kumudzi akudikira ndalama, ndiponso chizolowezi chathu chobisa mavuto mpaka atafika poipa. Ngati mwatsimikiza mtima, gulani kabokosi kachitsulo kokhoma tsiku lomwelo, zipolopolo muzisunga padera, ndipo muziphunzira mobwerezabwereza, pakuti kalasi ya tsiku limodzi siyokwanira.

Nachisale, Indiana

Zikomo kwambiri nonse atatu. Green card ndili nayo, koma m'nyumba muli mwana wanga wa zaka 14 amene amatsala ndi azakhali ake ndikapita kuntchito, ndipo ndisaname, za iyeyo ndinali ndisanaganize. Loweruka ndipita kukaona mmene amaphunzitsira, koma ndalama ndisiya kunyumba. Ndapemphanso akuluakulu akuntchito kuti akonze magetsi awiri amene anazima kalekale pamalo oimika galimoto, komanso kuti mlonda azitiperekeza tikamaweruka.