Gulu la agogo la mawondo: tipitirize kapena tiimitse?

Mlembi: Mwaswera bwanji nonse. Achemwali athu a ku Leeds atumizanso ndalama zoti mafizo a mawondo a agogo apitirire kutchalitchi kuja. Tisanazigwire, tiuzane kaye ngati gawo loyamba lathandiza.

Malume a ku Johannesburg: Tiyambe ndi kaundula. Anayamba angati, atsala angati? Ndamva kuti mvula itangogwa holo inatsala pululu, onse kumunda. Ndalama ya mphunzitsi wa mafizo imatulukabe?

Namwino wathu: Malume, zoona, nthawi yobzala anachepa kwambiri, ndiye maliro awiri otsatizana anatidula sabata yathunthu. Koma amene anapirira ndinawayesa ndekha. Timawerenga kuti munthu akudzuka pampando kangati pa masekondi 30 osagwira pena paliponse, poyamba ndi pomaliza. Ambiri awonjezera. Agogo ena amene ankakwawa polowa m'chimbudzi pano akunjuta okha.

Malume a ku Johannesburg: Zapakamwa izo mayi. Za mjigo munatiuzanso chimodzimodzi, mpaka lero matumba a simenti aja sitikudziwa kumene analowera.

Msungichuma: Malisiti a mjigo ndinaponya pano chaka chatha. Musandidetsere mbiri, Malume.

Malume a ku Johannesburg: Munaponya atatu, ena mbuu osawerengeka.

Achemwali a ku Leeds: Chonde abale, za mjigo zikhale ndi tsiku lake. Ine nzeruyi sindinaitole pamsewu. Kuno kuli pulogalamu ya ESCAPE-pain, anthu amakumana kawiri pa sabata kwa masabata 6, kuphunzira za nyamakazi kenako kulimbitsa minofu ya ntchafu. Ku Denmark kuli ina yofanana nayo yotchedwa GLA:D, inayamba 2013. Nyamakazi ya mawondo siitha, koma ntchafu zikalimba bondo limapepukidwa. Amayi anga ankamwa Brufen ngati mtedza, mpaka m'mimba munayamba kuwotcha. Mankhwala amenewo ukamwa nthawi yaitali amawononganso impso. N'chifukwa chake ndikulimbikira.

Malume a ku Johannesburg: Agogo a ku Denmark salima, satunga madzi, sasenza nkhuni. Athuwa thupi lawo lili pantchito kuyambira tambala woyamba. Mukufuna muwawonjezere ntchito ina? Bwanji ndalamazi tisawagulire ndodo zabwino ndi kuwalipirira ulendo wa ku Kachere ku Blantyre akaonedwe ndi akatswiri?

Namwino wathu: Kuwerama ndi khasu tsiku lonse si kulimbitsa bondo, Malume, n'kulitopetsa. Koma pali pamene mwanena zoona. Tinalakwitsa nyengo. Tikadayamba atakolola, cha mu June. China, abambo sakubwera, akuti n'zachizimayi. Ndiye za kuchepetsa thupi zija sizinamveke bwino, agogo ena anakhumudwa kuti tikuwauza achepetse nsima pomwe kunyumba ufa ukuperewera kale.

Mphunzitsi wopuma: A kutsidya kwa mtsinje nawo akudandaula. Munthu wa mawondo owawa ayende mtunda wonse uja kudzachita mafizo? Pofika wafooka kale.

Malume a ku Johannesburg: Ndi zimene ndinanena pa mjigo! Chilichonse chimathera mbali ya kwa amfumu. Akutsidyafe ndife osonkha basi.

Msungichuma: Inu chaka chino simunasonkhe.

Malume a ku Johannesburg: Sindisonkha mpaka ndione malisiti.

Wapampando: Abale, tisafike potukwanana, akuluakulu akuwerenga. Mayi namwino, tumizani kaundula ndi zotsatira za pampando zija, maina mubise. Ndalama za achemwali zisakhudzidwe kaye.

Achemwali a ku Leeds: Nanga agogo amene akubwera mokhulupirika aja, Lachiwiri lino tiwauze kuti chiyani?