Zomwe tasintha pa app yathu ya thanzi la maganizo

Zikomo kwambiri nonse amene munayankha funso langa lija, loti n'chifukwa chiyani anthu ankatsegula app yathu kamodzi kokha osabwereranso.

Ndinatsatira malangizo ochepetsa mafunso poyambira. Kale munthu ankalembetsa dzina ndi imelo, kenako n'kuyankha mafunso onse 9 a PHQ-9 (mndandanda wa mafunso oyezera zizindikiro za matenda ovutika maganizo) asanaone chilichonse. Tsopano tsamba loyamba lili ndi funso limodzi, "Mukumva bwanji lero?", ndi nkhope zisanu zosankhapo. PHQ-9 imabwera pambuyo pake, funso limodzi pa tsamba. Amene tinayesa nawo anafika kumapeto osatopa.

Chiwerengero cha masiku otsatizana amene munthu watsegula app tinachichotsa. Munthu wovutika maganizo akadumpha tsiku n'kuona ziro, amadziimba mlandu n'kusiyiratu.

Chomwe tinatsala pang'ono kuphonya ndi funso la 9, lokhudza maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Munthu akasonyeza kuti maganizo amenewa amamubwerera, ngakhale masiku ochepa chabe, aone batani loimbira thandizo nthawi yomweyo, osadikira kuti amalize. Batanilo likhale pa tsamba lililonse, losachepera 48dp (dp ndi muyeso wa kukula kwa zinthu pa sikirini ya foni), ndipo nambala yoimbira thandizoyo isungidwe mu app momwemo kuti ioneke ngakhale popanda intaneti.

Uthenga wokumbutsa usatchule nkhawa kapena matenda, chifukwa foni ikakhala patebulo aliyense amauwerenga. Wathu umangoti "Muli ndi uthenga."