Nyali ya check engine yayaka, makina akuti P0420, ndithandizeni

Mayi a Tadala: Moni apagulu. Mutu wanga sukugwira. Nyali ya check engine yayaka Lachiwiri ndikuchokera ku Limbe. Mnyamata wina ku Ginnery Corner analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, akuti ikulemba P0420, catalytic converter, chitini chosefa utsi cha pa ekizozi, yatha, ndigule ina. Galimotoyi ndinagula ndi ngongole ya banki mkhonde, sindinamalize kubweza. Alamu anga anaibwereka kupita kumaliro ku Thyolo, anabweza mulibe ndi dontho lomwe la petulo, mpando wakumbuyo ukununkha usipa, ngakhale zikomo osanena. Bambo akunyumba akuti ndikukokomeza. Ndigule kapena ndidikire?

Mdala wa ku Ndirande: CHOTSANI CHIMENECHO MAYI. Chinthucho anachiikira malamulo a utsi a kwawoko ku Japan. Ine ndachotsa pa magalimoto anga atatu, onse akuthamanga ngati mphepo.

Achimwene a Chiko: Mdala, mukachotsa converter, nyaliyo siizima, ndiye imayakiratu. Mayi, galimotoyo ndi yamtundu wanji, ndipo yayenda makilomita angati?

Mdala wa ku Ndirande: NYALI IMAYENDETSA GALIMOTO? Inu ana a YouTube.

Nachisale: Vuto lanu si converter, vuto ndi alamu anuwo. Anga anabwereka Sienta yanga kupita ku Mulanje, kubwera galasi losweka, akuti linagwa lokha. Kiyi wanga pano amagona pansi pa pilo.

Wa Minibasi ya Bangwe: Matani tepi yakuda panyalipo, vuto latha kkkk

Achimwene a Chiko: Imvani mayi. P0420 sikuti converter yafa basi. Pa ekizozi pali masensa awiri a oxygen, ina kutsogolo kwa converter, ina kumbuyo, ndipo kompyuta imawafanizira. Converter ikakhala bwino, injini itatentha, yakumbuyo imakhazikika cha m'ma 0.6 kapena 0.7 volts. Ikamadumphadumpha pakati pa 0.1 ndi 0.9, kompyuta imati converter sikugwira ntchito. Mubwerere kwa mnyamatayo akuonetseni live data, manambala a masensawo injini ikulira, asangowerenga nambala n'kufufuta.

Bambo Phiri a ku Chilomoni: Ndi petulo wa m'zigubu ameneyo! Nthawi ya mizere ija ndinagula kwa mavenda, injini inayamba kutsokomola, mapulagi onse akuda bii. Anthu alibe chisoni.

Mdala wa ku Ndirande: Petulo alibe mlandu. Chisa cha m'kati mwa converter chimatsekeka, galimoto imalephera mtunda. BOOLANI BASI.

Mlongo wa ku Zingwangwa: Mdala, inu ndi amene mukulemeretsa akuba. M'chisa mmenemo muli platinum, palladium ndi rhodium, n'chifukwa chake amagula. Ine ndinasiya Vitz pagalaja ina masiku awiri kuti akonze mabuleki. Kubwera, ikulira ngati thirakitala, fungo la utsi mpaka m'kati. Tinagogoda chitini cha converter chija, kumveka mbee ngati ndowa yopanda madzi. Anakolopamo zonse.

Mdala wa ku Ndirande: Ndiye anakuthandizani ulere, muwathokoze.

Mlongo wa ku Zingwangwa: Ulemu wanu akulu, sindinu bambo anga.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Galimotoyo ndi yasiliva. Alamuwo ndawaimbira, sakuyankha, koma pa WhatsApp ali online. Ndiye tepi ija ndi yoona?

Wa Minibasi ya Bangwe: Mayi ndimaseka ine!

Achimwene a Chiko: Mtundu wa galimoto mayi, osati utoto. Komanso oilo ikumatha msanga? Injini imanjenjemera ikaima? Injini yodya oilo kapena yophonya moto ndi imene imapha converter, mukaika yatsopano osakonza zimenezo idzafanso. Sensa yakumbuyo yotopa kapena kabowo pa ekizozi pafupi ndi sensayo nazonso zimabweretsa nambala yomweyi, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri.

Nachisale: Ali online koma sakuyankha? Mlandu akuudziwa amenewo.

Mayi a Tadala: Oilo amaona ndi bambo akunyumba. Ekizozi ndiye siyingakhale ndi bowo ayi, alamuwo anati anagunditsa pansi pa hampu ndipo anakaiwotcheretsa okha asanabweze.

Achimwene a Chiko: Anawotcheretsa?? Mayi, mfundo imeneyi munaisiya kuti nthawi yonseyi? Mawa ikwere pa dzenje, muone pomwe adula.

Mdala wa ku Ndirande: NDINANENA INE. Alamu anuwo ndi munthu wanzeru.